Kwa a kalabu ya History: nkhani ya Iain Macleod muikonze chonchi

Mwaswera bwanji ana anga a kalabu ya History. Uthengawu ndi wa gulu lija ndalipatsa nkhani ya Iain Macleod, nduna ya ku Britain ya m'nthawi ya atsamunda, kuti likafotokoze pa tsiku lokumbukira ofera dziko. Musayambe kulemba musanandimve. Mumvetsere koyamba muli phee, kachiwiri muli ndi kope ndi bolopeni.

Nkhaniyi musaiyambire ku Britain ayi. Iyambireni kuno kwathu, m'bandakucha wa pa 3 Malichi 1959, pamene Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza State of Emergency, lamulo lopatsa boma mphamvu zapadera monga kutsekera anthu osawazenga mlandu. Dr Banda anamangidwa n'kukatsekeredwa ku Gwelo, komwe lero ndi Gweru ku Zimbabwe. Anthu ambiri a Nyasaland African Congress anaponyedwa ku Kanjedza ndi m'ndende zina, ku Nkhata Bay asilikali anaombera anthu padoko, ndipo m'nyengo yonseyo anafa anthu oposa 50. Tsiku lomwelo la 3 Malichi, ku Hola m'dziko la Kenya, akaidi 11 anamenyedwa mpaka kufa. Mu Julaye, lipoti la woweruza milandu Patrick Devlin linanena poyera kuti Nyasaland wasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Boma la Harold Macmillan, nduna yaikulu ya Britain, linachita manyazi pamaso pa anthu ake omwe. Zimenezi muzinene kaye, modekha, chifukwa anzanu akapanda kuzimva adzaganiza kuti mzungu wina anangodzuka ndi chifundo tsiku lina n'kutsegula ndende. Sizinali choncho. Magazi anali atakhetsedwa kale.

Mukatero ndiye mubweretse munthuyo. Za ubwana wake musachedwepo: anabadwa mu 1913 ku Skipton, makolo ake ochokera ku chilumba cha Lewis ku Scotland, anaphunzira ku Cambridge, anavulala pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo mu 1950 anasankhidwa kukhala phungu wa Enfield West pansi pa chipani cha Conservative. Basi, mizere iwiri yakwana.

Pamene ndikufuna muimepo ndi chaka cha 1952. Ali phungu wamba, anatsutsana m'nyumba ya malamulo ndi Aneurin Bevan wa chipani cha Labour, munthu amene anayambitsa zipatala zaulere ku Britain, woopedwa pakamwa. Macleod anali atawerenga bwino nkhani za umoyo, ndipo anamuyankha mfundo ndi mfundo. Winston Churchill, nduna yaikulu pa nthawiyo, anali momwemo akumvetsera, ndipo patangopita milungu yowerengeka anamupatsa unduna wa zaumoyo. Apa samalani. Unduna umenewo pa nthawiyo sunali m'kabineti. Kabineti anailowa mu Disembala 1955, nduna yaikulu yatsopano Anthony Eden atamusankha kukhala nduna ya zantchito. Musasakanize zaka ziwirizi, ndidzakufunsani.

Tsopano phata la nkhani. Mu Okutobala 1959 Macmillan anamuika kukhala nduna yoona za maiko olamulidwa ndi atsamunda, m'malo mwa Alan Lennox-Boyd. Macleod anaona msanga kuti ku Nyasaland palibe zokambirana zimene zingatheke Dr Banda ali m'ndende. Roy Welensky, nduna yaikulu ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anakaniratu. Armitage nayenso ankaopa zipolowe. Macleod anaumirira mpaka kuopseza kuti atula pansi udindo. Pa 1 Epulo 1960 Dr Banda anatulutsidwa, ndipo anakumana ndi Macleod ku Zomba tsiku lomwelo. Zipolowe zimene ankaopazo sizinachitike. Mu Julaye ndi Ogasiti chaka chomwecho kunali msonkhano wa ku Lancaster House ku London, umene unabala chisankho cha mu Ogasiti 1961, pomwe Malawi Congress Party inatenga mipando 22 mwa 28. Mutchulenso Orton Chirwa, amene anayambitsa chipanicho mu 1959 Dr Banda akadali m'ndende. Dzina lake lisasowe.

Funso limene ndikufuna mulimbane nalo ndi ili: munthu wa chipani chimene chinkanyadira ufumu wa Britain anachitiranji zimenezi? Musayankhe kuti ankatikonda, mulibe umboni. Iye mwini pambuyo pake analemba kuti njira ina iliyonse ikanadzetsa kukhetsa magazi koopsa mu Africa. Kwa ine, anali munthu wowerenga nyengo, wolimba mtima pochita chimene waona kuti n'choyenera, ndipo anzake a m'chipani anamulipiritsa. Mu 1961 Lord Salisbury, mkulu wina wa m'chipani chake chomwecho, anamunena pagulu kuti ndi wochenjera mopyola muyeso, ndipo mawuwo anamukakamira moyo wake wonse. Mu Okutobala chaka chomwecho anasunthidwa pa undunawo. Munene zimenezi mwachilungamo, osamukweza kumwamba, osamunyozanso.

Chinthu china chimene ophunzira ambiri amalakwitsa: ufulu wa pa 6 Julaye 1964 musaulembe pansi pa dzina lake. Anali atachoka kale. Zoti Nyasaland atuluke m'Chitaganya zinagwirizanidwa mu 1962 nkhani za dera lino zili m'manja mwa nduna ina ya ku Britain, R. A. Butler, ndipo Chitaganyacho chinatha pa 31 Disembala 1963.

Za kumapeto kwa moyo wake mungodutsa. Anakana kugwira ntchito pansi pa nduna yaikulu Alec Douglas-Home mu 1963, anakhala mkonzi wa magazini ya The Spectator, ndipo mu Juni 1970 nduna yaikulu Edward Heath anamupatsa unduna wa zachuma. Anamwalira patangotha mwezi umodzi, pa 20 Julaye 1970.

Ndamva kuti ena mukufuna kuchita kasewero, wina Welensky, wina Macleod. Ndavomera, koma musawaikire mawu m'kamwa ngati kuti ndi zimene analankhuladi. Wotsogolera anene poyamba kuti mawuwo ndi anu. Ndipo Loweruka likubwerali aliyense akhale pansi ndi agogo, kapena wachikulire aliyense wa m'mudzi amene anaona 1959. Mupite mwaulemu, mupemphe kaye, mufunse kumene anali ndi zimene anamva tsiku limene Kamuzu anatuluka. Akakana kulankhula musawakakamize, ena anataya abale awo. Zimene mumve mulembe m'mawu awo omwe, ndipo mubwere nazo Lachiwiri tikaweruka kuti tiziike kumayambiriro kwa nkhaniyo.