Mapazi atupa, nanga pepala la ku labu likuti chiyani?

Kalata yoyamba yachokera ku Chinamwali. Mayi awa akuti: "Ndimagulitsa tomato ku Mpondabwino. Mwezi watha mapazi onse awiri ali otupa, nsapato sizikulowanso. Apongozi akuti ndi tsempho. Kuchipatala ananditenga magazi, papepala analemba Hb 8.5 ndi mawu akuti creatinine, koma mzere unali wautali, sanandifotokozere."

Pepani mayi. Za tsempho sindilimbana ndi apongozi anu pawailesi pano, koma pepalalo lanena kale kanthu. Hb ndi mlingo wa magazi m'thupi. Kwa mayi amene si woyembekezera imayenera kuyambira pa 12, kwa abambo pa 13. Ndiye 8.5 ndi kuchepa magazi ndithu, ndipo kukafika poipa mtima umalema ndi ntchito, madzi n'kumadikha kumapazi. Malungo, njoka zam'mimba ngakhale kutaya magazi ambiri kumwezi, zonsezi zimachepetsa magazi.

Creatinine ija ndi zinyalala zimene impso zimasefa n'kutaya mumkodzo. Nambala yake ikakwera, ndiye kuti impso zikulephera kusefa bwino. Nambalayo simunatilembere, choncho bwererani ndi pepala lomwelo, mukakhale pampando mpaka akuuzeni tanthauzo lake. Mukafunsenso za albumin. Awa ndi mapuloteni opangidwa ndi chiwindi, ndi amene amagwira madzi kuti asatuluke m'mitsempha. Akachepa munthu amatupa. Ngati munakulira kosamba ku Chilwa mukanene, chifukwa likodzo losachizidwa limatha kuwononga chiwindi kapena impso mwakachetechete.

Panopa dinani ndi chala pamsongolo, muwerenge mpaka 5. Pakatsala kadzenje ngati pa nsima yotentha, amenewo ndi madzi. Mchere muchepetse, ndipo pamsikapo muzisanjika miyendo pakabenchi makasitomala akachepa.

Ina yachokera ku Jali: "Ndabwera pabasi kuchokera ku Johannesburg. Mwendo wakumanzere wokha watupa, ukutentha ndi kuwawa pakatumba. Akazi anga akumandithowa."

Achimwene, kuthowako kulekeke lero lomwe, kusisitanso ayi. Mwendo umodzi ukatupa munthu atakhala pampando masiku awiri, timaopa kuti magazi aundana mumtsempha. Kachibuluma kameneko kakasuntha kamakatseka m'mapapo. Zimenezi Hb siionetsa, pamafunika kuunika mwendowo. Musadikire Lolemba, kwerani galimoto mupite kuchipatala cha Zomba Central, ndipo mukayamba kubanika kapena kumva kuwawa pachifuwa mukanene pakhomo pomwe.

Kauthenga ka pafoni aka n'kochokera ku Sadzi: agogo ayamba kutupa akakolo chiyambireni kumwa amlodipine wa BP. Eya, mankhwala amenewa amatero kwa anthu ena, ngakhale magazi atapezeka kuti ali bwinobwino. Agogo asasiye okha kumwa. Apite ndi buku lawo lakuchipatala, adokotala akaone ngati angawasinthire ena.