Mafuwa atatu m'chiganizo cha Chingerezi

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo, komanso inu anyamata ndi atsikana mwakhala kumbuyoko tasunthirani kuno pafupi, bolodi ili ndi laling'ono ndipo mawu anga masiku ano safika patali. Amene mwachokera ku Likhubula ndi mvula imeneyi mwachita bwino kwambiri.

Ndiyambe ndi kalata ndagwira m'manjayi. Mwini wake wandilola kuti ndikuwerengereni koma dzina sinditchula. Ndi mnyamata amene ndinamuphunzitsa Fomu 3 ndi Fomu 4, wagwirako ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi, pano akufunsira ntchito kwina. Penapake walemba chonchi, ndilembe onse muone: My duties were weighing green leaf, to record the kilos and I supervised the pluckers. Sipelo yonse ili bwino, palibe liwu labodza, ntchitozo anazigwiradi ine ndikudziwa. Koma munthu wozolowera Chingerezi akawerenga amapunthwa kawiri asanafike kumapeto, ndipo pa tebulo pakakhala mulu wa makalata, yopunthwitsayo ndi imene imayamba kuikidwa pambali. Zimandipweteka ine zimenezi, chifukwa mwanayu ndi wakhama.

Amayi, inu mundithandize. Mukaika mafuwa atatu, limodzi lalitali, lina lalifupi, lachitatu n'kukhala chidutswa cha njerwa, mphika umatani? Eya, umapendekeka, ndiwo n'kutayikira pamoto. Chiganizo cha mnyamatayu chili chomwecho. Ntchito zitatu wazitchulazo ndi mafuwa, mphika ndi mawu oyambawo akuti My duties were. Fuwa loyamba weighing, lachiwiri to record, lachitatu I supervised, lililonse msinkhu wakewake. Tikonze: My duties were weighing green leaf, recording the kilos and supervising the pluckers. Mwamva m'mene chakhalira pansi? Weighing, recording, supervising. Aphunzitsi a Chingerezi zimenezi amazitcha parallel structure, kutanthauza kuti zinthu zimene waziika pa mndandanda umodzi zivale yunifolomu imodzi.

Tsopano chimene ndabwerera kwenikweni ndi ichi, ndikufuna makolo mumve kuti ana athuwa si opusa ayi. Vutoli lili ndi gwero lake. M'Chichewa mwathu tili ndi kachidutswa kamodzi, ku-, kamene kamagwira ntchito paliponse. Ndikufuna kuphika. Ndimakonda kuphika. Kuphika n'kotopetsa. Ndi kuphika komweko basi, sikusintha. Ndiye mwana akamaganiza kuti ntchito zanga zinali kuyeza tiyi, kulemba makilo ndi kuyang'anira otchola, m'mutu mwake mafuwa ali olingana bwinobwino, ku- ku- ku-. Koma Chingerezi ku- wathuyo chinamugawa pawiri, pena ndi to cook pena ndi cooking, ndiye mwana pomasulira amatola ili apa, kutsogoloku n'kutola linalo, kenako akatopa amangoyamba chiganizo chatsopano pakati pa chakalecho osazindikira. Zaka zonse ndachonga makope, ambiri olakwitsa apa amalakwitsa chifukwa chimenechi, osati ulesi.

Ndipotu luso lolinganiza mawu tinabadwa nalo. Agogo akamati walira mvula walira matope, tamverani, mbali ziwirizo n'zofanana ndendende, walira ichi walira icho, n'chifukwa chake mwambiwo sutuluka m'mutu. Azungu nawo n'chimodzimodzi. Mawu aja ana mumaloweza pa nkhani ya demokalase, government of the people, by the people, for the people, amene anawanena ndi Abraham Lincoln, mtsogoleri wa dziko la America nthawi imeneyo, ku Gettysburg mu 1863, ndipo mpaka lero anthu akuwakumbukira chifukwa zidutswa zitatuzo zinadulidwa pa muyeso umodzi.

Nanga udziwa bwanji yunifolomu yoyenera? Amalamula ndi mawu ali kutsogolowo. Enjoy amafuna -ing, timati I enjoy cooking, I enjoy to cook kulibe. Want amafuna to, I want to cook. Koma like ndi amene amagwetsa ambiri chifukwa amalola zonse ziwiri, I like cooking ndi bwino, I like to cook ndi bwinonso, ndiye mwana amaona ngati angasakanize, n'kulemba I like reading, singing and to play netball. Ayi mwanawe, wasankha -ing pitiriza nayo mpaka kumapeto, reading, singing and playing netball. Ukasankha to uli ndi njira ziwiri, kumuika kamodzi koyambirira, I like to read, sing and play netball, kapena kumuika pa onse atatu. Kumuika pa awiri n'kumumana wachitatu, kumeneko ndiye kulakwa.

Njira yodziyesera nokha ndi yosavuta, simufunika dikishonale kapena bandulo ya intaneti. Tengani chala, phimbani zinthu zinazo, muwerenge mutu wa chiganizo ndi chinthu chimodzi chokha, mokweza. My duties were weighing, zamveka. My duties were I supervised, mwaona nonse mwagwedeza mitu, khutu lakana. Pamene khutu lakanapo ndi pamene pali fuwa lopendekeka.

A bambo apo akufunsa kuti kodi n'za maverebu okha. Ayi bambo, funso labwino. Atsikana ambiri pa kalata amalemba I am honest, hardworking and I have patience. Awiri oyambawo ndi mawu ofotokoza munthu, wachitatu wasanduka chiganizo chathunthu. Ingolembani honest, hardworking and patient, yafupika komanso yalemera.

Poyerekeza zinthu ziwiri ndi than napo samalani. Anyamata operekeza alendo kuphiri la Mulanjeli, mlendo mumamuuza kuti nsonga ya Sapitwa ndi mamita 3,002, ndiye wina n'kulemba pa kapepala kake kotsatsira kuti Climbing Sapitwa is harder than to walk to Chambe hut. Mbali imodzi climbing, inayo ikhale walking. Sikelo ya pamsika pa Chitakale simuikapo mwala wa kilo mbali imodzi, mbali inayo n'kuikapo chigubu cha malita.

Pali mawu ena amayenda awiriawiri, both ndi and, either ndi or, neither ndi nor, not only ndi but also. Awawa ndikhalepo pang'ono chifukwa ana mumawakonda pa kompozishoni, mumaona ngati akometsa, ndipo amakometsadi ukawaika pamalo pake. Lamulo lake ndi lakuti chimene chabwera pambuyo pa woyamba chifanane mtundu ndi chimene chabwera pambuyo pa wachiwiri. Onani ichi: My mother not only sells bananas but also pineapples. Pambuyo pa not only pali sells, verebu, koma pambuyo pa but also pali pineapples, dzina la chinthu. Sizikulingana. Musunthe not only apite kutsogolo pang'ono: My mother sells not only bananas but also pineapples. Nthochi uku, zinanazi uku. Koma ngati mayiwo ntchito zawo ndi ziwiri, tinena kuti She not only sells bananas but also plucks tea, sells uku plucks uku. Ndi liwu limodzi lokha lasuntha, koma wochonga amaliona msanga.

Ena amati aphunzitsi, bola tamvana, zinazi n'zachabe. Pocheza pa WhatsApp zoona palibe akugwire. Koma ine sindivomereza kuti n'zachabe, chifukwa inu nomwe mukudziwa kuti pa MSCE ukagwa Chingerezi setifiketi ya MANEB suiona ngakhale masamu ndi sayansi utakhoza bwanji, ndipo ana angapo a m'mudzi muno abwereza Fomu 4 chifukwa cha phunziro limodzi lomweli makolo atagulitsa mbuzi. Inunso a komiti ya chitukuko, chikalata chopempha mjigo chija munandionetsa, zolinga zake zinayamba ndi To reduce, chachiwiri Providing, chachitatu Women will. Tikakhala pansi tiziyambitse zonse ndi To, to reduce, to provide, to help, kuti wowerenga aone kuti anthu awa akudziwa chimene akufuna. CV nayonso chimodzimodzi, ntchito yakale mizere yonse iyambe ndi verebu ya kale, weighed, recorded, supervised.

Makolo amene Chingerezi simuchidziwa musadzione ngati mulibe gawo. Mwana akalemba muuzeni akuwerengereni mokweza madzulo, kenako anene m'Chichewa, mukamva ku- atatu mufunseni kuti kodi m'Chingerezimo atatuwo akutha mofanana? Ayang'anenso yekha.

Amene mwabwera ndi makalata anu khalani pa benchi iyi, choko chilipo chokwanira. Tiyambe ndi mtsikana uyo anakweza mkono poyamba uja, bwera mwanawe, ulembe chiganizo chako pabolodi ndi zilembo zazikulu kuti agogo akumbuyoko aone nawo.