Wansembe akakhala mu tchimo, kodi masakramenti ake amatheka?

[Kamera ili panja pa Limbe Cathedral]

Takulandirani abale ndi alongo. Funso la lero limabuka m'miphakati ya ku Ndirande, Bangwe kapena Chilomoni pakangomveka mphekesera yokhudza abambo ena ake. Mayi amene mwana wake anabatizidwa ndi abambowo tulo timamuthawa: "Nanga ubatizo wa mwana wanga uja unatheka?" Wina amati, "Ine ndinakalapa kwa iwo omwewo nyengo ya Lenti, ndiye kuti machimo anga akadalipo?"

Mpingo wa Katolika umayankha mosazungulira. Ubatizowo unatheka, machimowo anakhululukidwa, ndipo Ukaristia umene munalandira m'manja mwawo unali Thupi la Khristu. Tchimo la wansembe, kaya likule bwanji, silifafaniza sakramenti. Yankho limeneli silinabwere dzulo, ndipo mkangano wake unachitikira kuno ku Africa.

[Chithunzi: mapu a kumpoto kwa Africa]

M'chaka cha 303 mfumu ya Aroma, Diocletian, inalamula kuti matchalitchi agwetsedwe ndipo mabuku oyera aperekedwe kuti atenthedwe. Ena anakana mpaka kuphedwa. Ena, maepiskopi omwe, anachita mantha n'kupereka mabukuwo. Chizunzo chitatha, Caecilian anasankhidwa kukhala episkopi wa ku Carthage, dera limene lero lili ku Tunisia. Gulu lina linamukana, likunena kuti mmodzi mwa amene anamudzoza anali m'gulu la opereka mabuku aja. Kwa iwo, munthu wa manja odetsedwa sakanatha kupereka chinthu choyera. Gululi linadziwika ndi dzina la mtsogoleri wake, Donatus, ndipo linkabatizanso aliyense wochokera kwa Akatolika.

Tisawaweruze msanga anthu amenewa. Abale awo anali atafera chikhulupiriro, ndiye n'kuona amene anathawa imfa akuimanso pa guwa. Ndani sizikanamupweteka? Koma taganizani kumene maganizo awo akutifikitsa. Ngati ubatizo wanu ukudalira kuyera mtima kwa wobatiza, mufunika kudziwa zimene anachita usiku wa dzulo lake. Mufunikanso kudziwa za episkopi amene anamudzoza, ndi amene anadzoza episkopiyo, kubwerera m'mbuyo mpaka kwa Atumwi. Palibe Mkhristu ndi mmodzi yemwe amene akanatsimikiza kuti ndi wobatizidwa.

Amene anatsutsa mwamphamvu chiphunzitso cha a Donatus ndi Augustine Woyera, episkopi wa ku Hippo, mu Algeria wa lero. Pofotokoza Uthenga Wabwino wa Yohane anaphunzitsa kuti kaya abatize ndi Petulo, kaya Paulo, ngakhale Yudasi amene, wobatiza weniweni ndi Khristu. Anayerekezanso wansembe woipa ndi ngalande yamiyala yopititsa madzi kudimba: m'ngalandemo simumera kanthu, koma ndiwo zakudimba zimakula ndi madzi omwewo. M'chaka cha 411 maepiskopi a mbali zonse ziwiri anakumana ku Carthage, ndipo mlandu unakomera Akatolika.

Msonkhano waukulu wa maepiskopi a Mpingo wa Katolika ku Trent, ku Italy, unabwerezanso zomwezi mu 1547: wopereka sakramenti ngakhale ali mu tchimo lalikulu, akasunga zofunika zonse, sakramenti limatheka. Muzipezanso mu Katekisimu wa Mpingo, ndime 1128.

[Kamera ibwerera kwa wolankhula]

Mwamva mawu akuti "akasunga zofunika zonse"? Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa zinthu zolepheretsa sakramenti zilipo, kungoti si zimene ambiri timaziganizira. Pa ubatizo pafunika madzi enieni ndi mawu oyenera. Pa Misa pafunika mkate wa tirigu, vinyo wa mphesa ndi munthu wodzozedwa unsembe. Wopereka sakramentiyo akhalenso ndi cholinga chochita zimene Mpingo umachita, osati sewero.

Mawu aja si oseweretsa. Mu 2020 ku Vatican analengeza kuti ubatizo wonena kuti "Ife tikukubatiza" m'malo mwa "Ine ndikukubatiza" si ubatizo. Chaka chomwecho wansembe wina wa ku Detroit, ku America, ataonera vidiyo ya ubatizo wake ali khanda anapeza kuti dikoni ananena "ife". Anayenera kubatizidwa, kulandira ulimbitso ndi kudzozedwa unsembe mwatsopano. Dikoni uja mwina anali munthu wabwino zedi, wofuna kuti banja lonse limve kuti likutenga nawo mbali. Ubwino wakewo sunathandize.

Pa kulapa pali malamulo ena awiri oti muwadziwe. Wansembe amafunika chilolezo chomvera machimo, koma munthu akakhala pafupi kufa, wansembe aliyense, ngakhale woimitsidwa ntchito, angathe kumukhululukira. Lachiwiri ndi lamulo 977 la malamulo a Mpingo: wansembe sangakhululukire munthu amene wachimwa naye tchimo lachiwerewere. Akatero, chikhululukirocho n'chopanda ntchito, pokhapokha munthuyo ali pafupi kufa. Wina akakuuzani kuti "usadandaule, ndikukhululukira ndine ndemwe," dziwani kuti akukunamizani. Pitani kwa wansembe wina.

Za ukwati musavutike nazo kwambiri. Mu Mpingo wathu wa mwambo wa Chilatini, opatsana sakramentili ndi mwamuna ndi mkaziyo. Wansembe amaima ngati mboni ya Mpingo.

Tsono wina asamve ngati tikuti abambo azingochita zofuna zawo. Wansembe wochita Misa akudziwa kuti ali mu tchimo lalikulu osalapa akudziunjikira tchimo lina, lonyoza zoyera. Werengani 1 Akorinto 11, ndime 27 mpaka 29, mumve mmene Paulo akuchenjezera. Ndipo chiphunzitsochi sichinaikidwe kuti chikhale chobisalira munthu. Ine ndimadabwa ndi Akhristu amene amati, "Poti ndi odzozedwa, tingokhala chete." Ayi. Wansembe akazunza mwana kapena munthu wosatha kudziteteza, nkhaniyo ndi ya kupolisi, komanso ya ku ofesi ya Arkidayosizi. Papa Francis mu 2019 analamula kuti dayosizi iliyonse ikhale ndi njira yolandirira madandaulo otere, ndipo ansembe ndi asisitere amene adziwa za mlandu wotere ali ndi udindo wokanena kwa akuluakulu a Mpingo.