Nyemba khumi, mbale zisanu

Zikomo amfumu, zikomo makolo nonse. Achinyamata muli kumbuyoko sunthirani kuno, mphepo ya ku Bembeke kuno siilola munthu kukuwa.

Mukafunsa munthu kuti pa ntchito amafunapo chiyani, funso lisanathe wayankha kale: ndalama. Nanga ulemu? Eya. Ufulu? Eyanso. Chilichonse ndi eya. Ndiye mwayezapo chiyani pamenepo?

Katswiri wina wa ku America, Donald Super, anatulutsa mafunso 45 mu 1970 oyezera zinthu 15 zimene anthu amazikonda pa ntchito. Ife mapepala tilibe, tili ndi nyemba.

Onani mbale zisanu izi. Iyi ndi ndalama. Iyi ndi ntchito yokhazikika, yolandira mwezi ukatha. Iyi ndi kudzilamulira wekha popanda bwana, iyi kukhala pafupi ndi kwanu, yakumapetoyi ndi luso loti anthu azikutamanda nalo. Aliyense alandira nyemba khumi, khumi basi. Nyemba ukaiponya umu ndiye kuti waimana umo. Pamenepo pakamwa sipathandiza, mtima umaonekera wokha.

Mwezi watha kwa anzathu a ku Linthipe kunali mnyamata amene nkhani yake inali ya ku Joni yokhayokha. Anayamba mwamphamvu, zitatu m'mbale ya ndalama, nga! nga! nga! Kenako dzanja linaima m'malere. Anazigubuduza m'chikhatho, n'kutsitsa zinayi m'mbale ya kwathu, pang'onopang'ono ngati akudzala. Titamufunsa anati, "Maliro a amalume ndidzawamvere pa WhatsApp?" Munthu wotere, ineyo ndikuona kwanga, Joni ikamudwalitsa. Bola ukalipentala kudzera ku TEVETA, kapena geni ya kachewere pa Lizulu, madzulo n'kukagona kwawo.

Koma pali msampha. Bambo akaima pambali, mwana amaponya nyemba za bambo, osati zake. N'chifukwa chake mbalezi taziika kuseri kwa kalasi, muzipita mmodzimmodzi. Komanso amene wayezedwa mu February, nkhokwe ili pululu, adzaunjika zonse pa ndalama. Ameneyo tidzamuyezenso akakolola, tidzaone ngati mulu uli pomwepo.

Amayi a komiti, gawani nyembazo. Ndaziwerenga, zisakapezeke mu mphika madzulo ano.