Makalata a omvera: Kodi droni idzalanda ntchito ya sikauti?

Takulandiraninso, omvera athu a ku Nyimba mpaka ku Lundazi. Thumba la makalata ladzaza, koma lero ndasankhamo atatu chifukwa onse akuzungulira nkhani imodzi.

Yoyamba yachokera kwa amayi ena a m'dera la mfumu Kakumbi ku Mambwe, ndipo ikunena za masikauti olondera nyama pansi pa CRB, komiti ya anthu a m'dera yoyang'anira nyama zakutchire ndi zachilengedwe. Akuti: "Mwana wanga anamaliza Giredi 12 ndipo mtima wake uli pa usikauti wa CRB. Koma amalume ake atabwera kuchokera ku Lusaka anamuseka, akuti posachedwa nyama zizilonderedwa ndi madroni ndi makompyuta, bola akaphunzire kuyendetsa galimoto. Kodi ndimuletse?"

Amayi, musamuletse. Amalumewo sananame zonse ayi, makina analowa kale m'chigwa cha Luangwa. Bungwe la Conservation South Luangwa lili ndi ndeke yolondera kuchokera m'mwamba, a Zambian Carnivore Programme amaveka mikango ndi mimbulu makolala osonyeza komwe ili, ndipo mitengo ina ili ndi makamera ojambula okha nyama ikadutsa. Komatu funsani msikauti aliyense chimene chikupha nyama mwakachetechete, adzakuuzani kuti ndi waya. Msampha wa waya amautchera m'kanjira kopita kumadzi, pansi pa zitsamba, pamene diso la m'mwamba silifika. Pamafunika munthu wodziwa kuti kanthambi aka kanathyoledwa ndi dzanja osati ndi njati, awerame, amasule. Kolala ikaonetsa kuti mkango wakhala malo amodzi masiku angapo, makinawo athera pomwepo. Otsatira ndi masikauti ndi dokotala wa nyama, kukaugoneka ndi jakisoni ndi kudula wayayo pakhosi.

Paki ya South Luangwa yokha imaposa masikweya kilomita 9,000, osawerengera dera la Lupande kumene anthu ndi nyama amamwera mtsinje umodzi. Droni yaing'ono yogula m'sitolo batire yake imatha ikauluka mphindi pafupifupi 30. Nanga pa dzinja, mitengo itavala masamba, iona chiyani? Chinanso, mbiri yakuti uje wabisa mfuti ya gogodela kapena wawamba nyama siichokera kumwamba. Imachokera pamowa, pachigayo, kwa munthu amene wakukhulupirira. Ngakhale agalu onunkhiza minyanga ndi mfuti aja, amene anayamba ntchito ku Mfuwe mu 2014, aliyense ali ndi womugwira chingwe.

M'chaka cha 2013 akatswiri awiri a ku yunivesite ya Oxford, Carl Frey ndi Michael Osborne, anasanthula ntchito 702 za ku America n'kupeza kuti ntchito 47 pa 100 zilizonse kumeneko zili pangozi yolandidwa ndi makina. Akatswiri a nkhalango ndi osamalira chilengedwe anagwera m'gulu la ntchito zovuta kwambiri kulandidwa ndi makina, pomwe oyendetsa magalimoto anali m'gulu la oopsezedwa. Amalume amve bwino pamenepo! Ndi za ku America zimenezo, koma chifukwa chake n'chomwechi: ntchito ya m'tchire siibwereza, lero njovu, mawa moto, mkuja mlandu kwa anyakwawa.

Chomwe chikusintha ndi kabuku ndi pensulo. Masiku ano masikauti ambiri amalemba zomwe aona m'kachipangizo konga foni, pa pulogalamu yotchedwa SMART, ndipo kusanja zithunzi zikwizikwi za makamera aja kompyuta yayamba kuchita yokha. Choncho mnyamatayo alimbe miyendo, komanso asaope kompyuta ndi mapu. Ine chimene ndingakuchenjezeni, amayi, si droni koma thumba. Malipiro a masikauti a CRB amadalira ndalama za malaisensi osakira nyama ndi thandizo la mabungwe, ndipo zikachedwa kumeneko poto wa kunyumba amazizira. Mukukumbukira 2020, Covid-19 itatseka maloji ku Mfuwe? Anthu anakhala pakhomo popanda makina alionse owalanda ntchito.

Kalata yachiwiri ndi ya abambo ena oweta ng'ombe ku Katete. "Mdzukulu wanga anandionetsa pa Facebook ng'ombe za azungu zodya zokha popanda m'busa kapena mpanda, zovala chinthu m'khosi. Kodi n'zoona, kapena ndi zojambula chabe?"

N'zoona, agogo. Ku Norway kuli kampani ya Nofence, ku New Zealand kuli Halter. Mwini ng'ombe amalemba malire pa foni, ng'ombe ikayandikira malirewo kolala imalira, ikakakamira imaigwedeza pang'ono ndi magetsi, mpaka imaphunzira kubwerera ikangomva kulirako. Koma kolala iliyonse ndi ndalama, imafuna netiweki, ndipo kumeneko munthu amadyetsa pamalo akeake. Kwathu kuno dambo ndi la mudzi wonse. Ndani adzalemba malire pa foniyo, inu kapena aneba anu? Zakuti dambo ili lipume chaka chino, kuti tchire litenthedwe liti, kuti ng'ombe zipite liti ku dibi nkhupakupa zisanabweretse chigodola, amagamula ndi anthu atakhala pansi ndi anyakwawa ndi alangizi a ziweto. Chilala cha 2024 chinationetsa kuti msipu ukatha mkangano umayambira pachitsime. Komabe ndinene pano: kolalayo itatsika mtengo n'kumasula kamnyamata kamene kamaweta ng'ombe za eni zaka zingapo kuti kalandire imodzi, anzake ali m'kalasi, ine ndingaombe m'manja. Ntchito imeneyo yokha makina atengeko.

Yomaliza ndi yaifupi ndipo yalembedwa ndi mkwiyo, kuchokera ku Lumezi. "Njovu zinandithera chimanga usiku umodzi. Oyang'anira nyama anafika dzuwa lili pamutu. Ngati makina awachotse ntchito, awachotse."

Pepani, achimwene, munda wa chaka chonse si chinthu chochitira nthabwala. Inu a m'malire mwa Lukusuzi ndi Kasungu mukuzidziwa njovu kuposa ife a m'tauni ya Chipata, makamaka chichokereni 2022 pamene njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Koma taganizani: njovu yovala kolala ingathe kutumiza chenjezo pa foni kuti gulu layandikira minda. Kenako? Pafunika anthu ogona pafupi, galimoto ya mafuta, tochi, ndi aja oombera njovu mphiripiri kuti zithawe. Amene anakuchedwerani aja mwina analipo anayi okha pa midzi makumi angapo, ndipo mukawachotsa mutsala ndi uthenga wa pa foni wokuuzani kuti njovu zili m'munda mwanu. Pitani kwa anyakwawa ndi ku komiti ya CRB ya kwanu, mukalembetse zomwe zawonongeka ndi tsiku lake, ndipo mundilemberenso zomwe akakuyankheni. Ndidzaziwerenga pompano.