Achimwene, za Belfast ndi Dublin zija tamverani

Achimwene muli bwanji kumeneko, alamu ndi ana ali bwanji? Ndamva voice yanu ija ndiye ndati ndikuyankheni pompano ndisanalowe shifiti. Zoti mwanayo akafika ku Belfast, ku Northern Ireland (chigawo cha UK), kusukulu azitha kupita ku Dublin, likulu la dziko la Ireland, kapena ku France ndi visa yomweyo ya UK poti Northern Ireland inavota kuti ikhalebe mu EU, mgwirizano wa maiko a ku Ulaya uja, ayi ndithu, amene wakuuzani zimenezo wasokoneza.

Zinayenda chonchi. Pa 23 June 2016 kunali referendamu yoti UK ikhalebe mu EU kapena ituluke, ndipo ife a Malawi amene tili ndi mapepala okhalira kuno tinaloledwa kuvota chifukwa cha Commonwealth, inenso ndinavota konkuno ku Glasgow. Scotland 62 peresenti inati tikhalebe, makhonsolo onse 32 palibe olo imodzi inati tituluke. Northern Ireland pafupifupi 56 peresenti anati tikhalebe, London pafupifupi 60. Koma England ndi Wales anati tituluke, makamaka m'matauni ang'onoang'ono ndi madera amene migodi ndi mafakitale zinatsekedwa kalekale, kwina ngati ku Boston ku Lincolnshire mpaka anthu atatu pa anayi aliwonse anafuna kutuluka. Nde vuto linali loti sankawerenga chigawo chilichonse pachokha, mavoti onse analowa dengu limodzi, ndipo poti England ndi imene ili ndi anthu ambiri zinathera 52 kwa 48. Pa 31 January 2020 tonse tinatuluka, ndi Scotland yomwe, anthu kuno zimawawawabe mpaka lero ndipo ine ndimawamvetsa.

Northern Ireland yokha ndi imene inapatsidwa dongosolo lapadera, koma ndi la katundu, osati la maulendo a anthu ngati ife. Chifukwa chake ndi boda ija ya pakati pa Northern Ireland ndi dziko la Ireland, chichitikireni mgwirizano wa mtendere wa 1998 palibe amene akufuna mageti abwererenso pamenepo poopa kudzutsa ziwawa zakale. Ndiye basi imanyamuka ku Belfast kukafika ku Dublin maola ngati awiri osaona geti, apa ndi pomwe ana obwera kumene amanamizika kuti ndi dziko limodzi. Ufulu wodutsa momasuka uja ndi wa nzika za Britain ndi Ireland basi. Visa ya UK pa pasipoti yathu ya Malawi sigwira ntchito ku Ireland, ndipo ya France ndi inanso, ija amati Schengen. Apolisi aku Ireland nthawi zina amaimitsa mabasi nkuyamba kuona mapasipoti, akamupeza alibe visa amubweza ndipo zitha kudzamuvutitsa pofunsira ma visa ena mtsogolo.

Chonde mumuuze bwinobwino, anzake akamati tiye ku Dublin weekend ino asangokwera. Ngati akufunadi kukaonako, embasi ya Ireland ili pa Lilongwe pompo, akafunse asananyamuke. Ndikuimbirani Lamulungu mukaweruka ku tchalitchi, akhalepo ndilankhule naye ndekha. Mupereke moni kwa amayi.