Tikaluza, mwala timagenda nawo yani?

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Mawu a m'mawa uno akuchokera pa 1 Samueli 30, koma tisanafike kwa Davide tidzere kaye ku America.

Kumeneko kuli masewero otchedwa baseball. Kwa amene simunawaonepo, wina amaponya kampira kolimba, wa timu inayo n'kumayesa kukamenya ndi chibonga. Akakamenya bwino amathamanga kudzera m'malo anayi, ndipo akabwerera pamene anayambira ndiye kuti timu yake yapeza pointi. Masewero amakhala ndi zigawo 9, ndipo pa chigawo chilichonse timu imamenya mpaka anthu ake atatu atatulutsidwa. Masewero onse amatsamira pa woponya mpira uja. Ntchito yowawa ya mphunzitsi ndi kudziwa nthawi yomuchotsa, poti mkono umatopa koma mwini mkono savomera msanga, ndipo amene wachotsedwa saloledwa kubwereranso tsiku limenelo.

Pa 16 Okutobala 2003, Boston Red Sox inakumana ndi New York Yankees pa Yankee Stadium. Anali atasewera kale kasanu ndi kamodzi, aliyense atapambana katatu, ndipo wopambana usiku umenewo ndiye amapita ku World Series, mpikisano womaliza wolimbirana chikho cha baseball. A ku Boston anali asanatenge chikho chimenechi chitengereni mu 1918. Panali anthu amene anabadwa, kukwatira, kuona zidzukulu mpaka kuikidwa m'manda akudikirabe. Usiku umenewo zinkaoneka ngati zatheka. Mkati mwa chigawo cha 8, Boston inkatsogola 5 kwa 2, kunangotsala kutulutsa omenya asanu okha, ndipo amene ankaponya anali Pedro Martinez wa ku Dominican Republic, katswiri weniweni wa nthawi imeneyo.

Koma Pedro anali ataponya kale mipira yoposa 100, ndipo zinkadziwika kuti akafika pamenepo mphamvu zimayamba kumuthera. Derek Jeter wa Yankees anamenya. Bernie Williams anamenyanso, zinthu n'kukhala 5 kwa 3. Mphunzitsi wa Boston, Grady Little, anatuluka kupita kwa Pedro pakati pa bwalo, ndipo aliyense anati basi, akukamuchotsa, popeza Alan Embree ndi Mike Timlin, amene ankaponya bwino masiku amenewo, analipo. Little anacheza naye pang'ono, n'kubwerera yekha kukakhala pansi. Hideki Matsui anamenya. Kenako Jorge Posada anamenya kampira kofooka, kamene kanangokagwera pakati pa osewera a Boston popanda wokawakha, mapointi n'kufanana 5 kwa 5. Masewero anapitirira mpaka chigawo cha 11, pakati pa usiku patadutsa, pamene Aaron Boone anamenya mpira woyamba umene Tim Wakefield anamuponyera n'kuutumiza kwa anthu oonerera. Zinathera pomwepo, Yankees itapambana 6 kwa 5.

Taganizirani wochemerera wa ku Boston m'mawa mwake. Watsatira masewero 162 kuyambira kumayambiriro a chaka, wagona mochedwa, tulo sitinabwere, ndipo akuyenera kupita ku ntchito. Mkwiyo uli pakhosi, ukufuna dzina la munthu. Pedro sangamunene, amamukonda. Mwayi wa kampira ka Posada alibe poupeza kuti aukalipire. Watsala ndi Grady Little. Pa wailesi, m'nyuzipepala, m'malo omwera, funso linali limodzi: bwanji sanamuchotse? Milungu iwiri isanathe, eni timu analengeza kuti Little sapitiriza ntchito, munthu amene chaka chimenecho anapambana masewero 95. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya.

Ine ndikuona kuti Little analakwitsadi. Zizindikiro zinalipo, ndipo iye anakhulupirira mtima wa Pedro kuposa mkono wake. Koma musathamangire kutola mwala, imvani inanso.

Pa 27 Okutobala 2020, mu World Series, Tampa Bay Rays inkatsogola 1 kwa 0 posewera ndi Los Angeles Dodgers. Blake Snell wa Rays ankaponya modabwitsa, atatulutsa yekha omenya 9, ataponya mipira 73 yokha. M'chigawo cha 6 wina atangomenya kamodzi, mphunzitsi Kevin Cash anamuchotsa, potsatira ziwerengero zoti woponya akakumana ndi omenya omwewo kachitatu amakhala atamuzolowera. Amene analowa m'malo mwake analephera, Dodgers inapambana 3 kwa 1 n'kutenga chikho. Ochemerera anafunsa mokwiya: bwanji wamuchotsa? Wina ananyozedwa chifukwa chomusiya katswiri, mnzake ananyozedwa chifukwa chomuchotsa. Kampira ka Posada kakanagwera mapazi ochepa chakumbali, lero bwenzi tikumva zoti Little anali mphunzitsi wolimba mtima. Mlaliki 9:11 ananena kalekale kuti si nthawi zonse pamene waliwiro amapambana mpikisano kapena wamphamvu nkhondo, pakuti nthawi ndi zogwa mwadzidzidzi zimawapeza onse. Ifeyo timaweruza chiganizo cha munthu titaona kale mathero ake, pamene mwiniwakeyo ankasankha mathero asanaoneke.

Tsopano tsegulani Baibulo. Davide ndi anthu ake 600 akubwerera kwawo ku Zikilagi, atayenda mpaka tsiku lachitatu. Akupeza mudzi uli phulusa. Aamaleki abwera, atentha zonse, atenga akazi ndi ana, kuphatikizapo akazi awiri a Davide mwini, Ahinowamu ndi Abigayeli. Vesi 4 ikuti analira mpaka mphamvu zolirira zinawathera. Vesi 6 ikuti anayamba kukambirana zomugenda Davide ndi miyala, chifukwa mitima yawo inawawa, aliyense chifukwa cha ana ake.

Kodi anthuwa analibe mfundo? Anali nayo. Ndi Davide amene anawatengera ku dziko la Afilisti. Ndi iye amene anapita ndi amuna ankhondo kukaperekeza mfumu Akisi, mudzi n'kutsala pambalambanda. Ndi iyenso amene ankathira nkhondo Aamaleki m'mbuyomo, monga mutu 27 ukunenera, ndiye kubwezera kwawo sikunali kodabwitsa. Akanakhala pansi kuwerenga zolakwa za mtsogoleri wawo, akanazipeza. Baibulo silikumuikira kumbuyo Davide pamenepa, komanso silikuwadzudzula amunawo chifukwa cholira. Chimene likutionetsa ndi mmene chisoni chimasinthira msanga: pa vesi 4 ndi misozi, pa vesi 6 yasanduka miyala. Ndipo akanamugenda, ana aja akanakhalabe m'manja mwa Aamaleki, ndi mtembo umodzi wowonjezera pa phulusa.

Za baseball n'zamasewera, palibe amene anabedwa mwana ku Yankee Stadium. Koma mtima umene umakuwa pa TV ndi womwewo umene timapita nawo ku maliro, ku msonkhano wa mpingo ndi ku bwalo la banja. Amayi amwalira, ndipo manda asanaume, pachibale payambika: ndani ananena kuti tidikire mawa tisanapite nawo kuchipatala? Bizinezi ya banja yagwa, mkazi sakulankhula ndi mwamuna wake chifukwa ndi iye anasankha katunduyo. Munabzala ndi mvula yoyamba, kenako kunachita ng'amba, ndipo amene anati tibzale wasanduka mdani m'nyumba. Ntchito yomanga tchalitchi yaima, komiti yonse yasanduka mbava pakamwa pa anthu ngakhale palibe amene waona mabuku. Nthawi zina wonenedwayo analakwitsadi. Nthawi zina anasankha bwino ndi zimene ankadziwa tsiku limenelo, zinthu n'kukana zokha. Munthu amene mtima ukumuwawa satha kusiyanitsa ziwirizi, ndipo kunena zoona safunanso kusiyanitsa, poti kukhala ndi womuloza chala kumapepuza ululu kwa kanthawi.

Davide sanaimirire kudziteteza. Vesi 6 yomweyo ikumaliza ndi kunena kuti anadzilimbikitsa mwa Yehova Mulungu wake. Kenako anaitana wansembe Abiyatara kuti abweretse efodi, chovala cha wansembe chofunsira kwa Mulungu, n'kufunsa Mulungu ngati awalondole achifwambawo. Funso lake silinali lofufuza wolakwa, linali lofuna kudziwa chochita. Chochititsa chidwi n'chakuti amuna omwe aja amene amafuna kumugenda ananyamuka naye. Panjira anapeza kapolo wa ku Ejipito amene mbuye wake anamutaya atadwala, atakhala masiku atatu osadya osamwa. Anamupatsa madzi, mkate, nkhuyu ndi mphesa zouma, ndipo ndi iyeyo anawalondolera kumene kunali Aamaleki. Gulu lotanganidwa ndi kugenda mtsogoleri silikanamuona munthu wogona m'thengoyo.

Sindikunena kuti atsogoleri asamafunsidwe. Eni ake a Red Sox anali ndi ufulu wosintha mphunzitsi, ndipo amene anamulemba, Terry Francona, anatenga chikho mu 2004, timuyo itagonjetsa Yankees yomweyo ngakhale inayamba yaluza masewero atatu otsatizana. Kuunika zimene zinalakwika ndi ntchito yofunika, m'banja ndi mumpingo momwe. Koma ili ndi nthawi yake, ndipo nthawiyo si usiku umene mwaluza. Yakobo 1:19-20 akutiuza kuti tizifulumira kumva, tizichedwa kulankhula ndi kupsa mtima, chifukwa mkwiyo wa munthu subala chilungamo cha Mulungu. Uthenga umene mwaulemba pa foni usiku, wopita kwa achimwene kapena kwa abusa, ukhoza kukhala woona mawu ndi mawu, koma n'kukhalabe mwala.

Aaron Boone uja, ngwazi ya 2003, anadzakhala mphunzitsi wa Yankees kuyambira mu 2018. Pa 25 Okutobala 2024, m'masewero oyamba a World Series, timu yake ikutsogola m'chigawo cha 10, analowetsa Nestor Cortes, amene anali atatha mwezi woposa umodzi osaponya chifukwa chovulala. Freddie Freeman wa Dodgers anamenya mpira umodzi umene unabweretsa mapointi anayi, masewero n'kuthera pomwepo. M'mawa mwake funso la ku New York linali lomwe lija la ku Boston, dzina lokha ndi limene linasintha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Aliyense wa ife pali penapake pamene ndi iye wosankha, kaya ndi sukulu ya mwana, kaya ndi ngongole, kaya ndi tsiku lopita ndi wodwala kwa dokotala, ndipo lidzafika tsiku limene zimene tinasankha zidzakana.

Nkhani ya Davide sinathere pa kupulumutsa ana. Pobwerera anafika pa mtsinje wa Besori, pamene anasiya amuna 200 amene analefuka osatha kuwoloka. Ena mwa amene anakamenya nkhondo anati otsalawo asapatsidwe kanthu pa zofunkha, angotenga akazi ndi ana awo azipita. Davide anakana. Anawatchula kuti abale anga, anawakumbutsa kuti zonsezo wapereka ndi Yehova, n'kulamula kuti wopita kunkhondo ndi wotsala ndi katundu alandire mofanana. Munthu amene masiku apitawo anatsala pang'ono kuphedwa ndi gulu, sanalole kuti gulu lomwelo lipeze anthu ena owalanga.

Tiyeni tipemphere. Atate, alipo pakati pathu amene adzuka ndi mtima wowawa chifukwa cha chimene wina anasankha. Landirani misozi yawo isanaume n'kusanduka miyala. Alipo amene akunenedwa, ena molakwiridwa, ena moyenera. Apatseni mphamvu imene munampatsa Davide, kuti afunse kwa Inu chochita. Gwirani lilime lathu ndi zala zathu pa foni kufikira mkwiyo utatsika. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.